Tsitsi la Eni ndi Bulu wa Aroma

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, anzanga asavutike kundiulula. Kuyambira ndili mwana mpaka imvi zitandigwira mutu wonse, ndinkakhulupirira kuti Aroma akale ankagwetsa malinga a mizinda ndi legeni. Legeni yeniyeni, ya mphanda ndi mphira, yonga imene tinkalasira mbalame m'dimba, kungoti yaikulu ngati tchalitchi. Linandisokoneza ndi buku la kusukulu ya mishoni, lomwe linali ndi chithunzi cha asilikali ovala timasiketi atazungulira chimakina cha matabwa. Theka la chithunzicho linadyedwa ndi chiswe. Ndinachimalizitsa ndekha m'mutu, ndipo poti sukulu ndinalekeza Sitandade Faifi, wondiwongola panalibe. Funso loti mphira yochuluka chonchi ankaidula kuchubu cha njinga yanji silinandisowetse tulo. Ndinangoti anthu akale anali akuluakulu, ndiye njinga zawonso zinali zazikulu. Bodzali sindinalidye ndekha. Ndinaligawira onse amene anaphunzira ukalipentala pashedi yanga ku Dedza, komwe ndinkakhoma ngolo, zitseko ndi mabokosi a maliro. Ngati alipo amene akuliphunzitsabe ana ake, andikhululukire.

Pakati pa zaka za m'ma 1990 mwana wathu wamkazi, amene ndi nesi, anatiitana ine ndi amayi ake kuti tikakhale nawo kutsidya kwa nyanja, ku Mississauga, komwe iye ndi mwamuna wake anali atangogula nyumba. Kwathu mkamwini ndiye amabwera kudzamanga pamudzi pa apongozi, n'kumalima akuyang'aniridwa. Kuno zinatembenuka. Ine ndinakhala mkamwini wa mkamwini wanga, ntchito yanga kukumba sinowo pakhomo ndi kutulutsa bini. Mkamwiniyo ndi munthu wofatsa, wa zamakompyuta, ankapita ku Markham m'mamawa n'kubwera kutada, ndipo mpaka lero akamandipatsa moni amagwiriza mkono ndi dzanja linalo. Za iye dandaulo ndilibe.

Ine ndimamera paliponse ngati bonongwe. Akazi anga ayi. Chisanu choyamba anachithera pawindo, akuyang'ana msewu wopanda ndi mmodzi yemwe woti n'kumufunsa kuti wadzuka bwanji. Sutikesi yawo sanaimasule yonse. Zitenje zabwino zinatsala momwemo zili chipindire, ngati za munthu amene akudikira basi. Akayankhula kunali kundifunsa ngati mvula yayamba kumudzi, ngati kuti ine ndikanaiona kuchokera pamene ndinali.

Zinawapulumutsa ndi zala zawo. Tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina anaona mutu wa mwana wathu, n'kufunsa kuti wamuluka ndani. Amayi amenewa muwasunge m'mutu. Ndi a ku Chipata, nesi wamkulu, okhala ku Oakville, apampando a amayi a mumpingo. Akayetsemula ku Oakville, ku Markham anthu amagwira chimfine. Loweruka lotsatira anabwera kudzalukitsa. Linalo anabwera ndi anzawo. Posakhalitsa besimenti yathu, chipinda cha pansi pa nyumba, inasanduka pamjigo: amayi a ku Zambia ndi a ku Malawi, ena atangoweruka shifiti ya usiku, majombo awo ataunjikana pakhomo, Chinyanja chosakaniza ndi Chizungu chikukwera masitepe mpaka kukhitchini. Akazi anga anayambanso kuimba potsuka mbale. Zitenje zija zinatuluka, sutikesi n'kukwera pamwamba pa wadilopu.

Koma luso lokha silikanawabweretsa amayi kuchokera kutali konseko. Chinalipo china chimene sankachitchula. Kwathu tsitsi la munthu silitayidwa chisawawa, chifukwa amene walitola wagwira mutu wako. Timalikwirira, kapena kuliponya m'chimbudzi chokumba, kapena kuliwotcha. Kuno chimbudzi ndi chamadzi, ukaponyamo tsitsi chimabweza mawu. Kuwotcha akazi anga anayesa kamodzi, alamu ya utsi n'kudzutsa msewu wonse. Ndiye anapeza njira yawo. Akamasula munthu meshi yakale ankasesa zonse, meshiyo ndi tsitsi lenileni lokodwamo, n'kukulunga m'nyuzipepala mwini wake akuona, n'kumanga m'jumbo. Madzulo oti mawa kubwera galimoto ya zinyalala ankaika jumboyo m'bini ndi manja awo, ndipo m'mawa ankaima pawindo mpaka galimotoyo itameza zonse. Amayi aja anali ndi madigiri, ena ankati za kumudzi anazisiya pabwalo la ndege. Koma tsache likamayenda, maso awo ankayenda nalo.

Tsono pafupi nafe pankakhala nkhalamba ina ya ku Italy, mmisiri wa njerwa amene anapuma ntchito. Tinadziwana ndi mafosholo, aliyense akukumba sinowo mbali yake. Chizungu chake chinali chothyoka, changa chothyokeratu, ndiye tinkamvana bwino kwambiri. Tsiku lina tikumwa vinyo wofulula yekha m'chipinda chake chapansi, anadziguguda pachifuwa kuti iye ndi mdzukulu wa Aroma. Ine, pofuna kuonetsa kuti sukulu ndinaidutsa pakhomo, ndinamuyamikira chifukwa cha malegeni a makolo ake, n'kuonetsa ndi manja mmene ankakokera mphira. Anaseka mpaka chifuwa chinamutsamwitsa. Atapeza mpweya anakatenga kaseti ya vidiyo imene anajambula pa TV, ya akatswiri ena amene anamanganso makina oterowo, ndipo anandikhazika pansi ngati mwana wa Sitandade Wani.

Mphira munalibe. Mphamvu sinalinso m'mtengo wopindika ngati wa uta kapena wa msampha. Inali m'chingwe chopotokola. Amene anafinyapo bulangete lonyowa ndi mnzake, wina mbali iyi wina mbali iyo, akudziwa kuti likafika pothina limafuna kubwerera, ndipo ukagona limakupotola dzanja. Aroma anaugwira ukali umenewo n'kuulemba ntchito. Ankamanga chimango cha mitanda yolimba, chogona pansi ngati ngolo yopanda mateyala. M'mitanda iwiri ya m'mbali ankaboola mabowo oyang'anizana, n'kudutsitsamo chingwe, kupita, kubwera, kupita, kubwera, mpaka chitakhala mtolo wonenepa kuposa ntchafu. Pakati pa mtolowo ankalowetsa tsinde la mtengo wautali, womwe ndiwo mkono wa makinawo. Kenaka kunja kwa mabowo aja ankaupotokola mtolowo ndi zitsulo zopingasa, mbali zonse ziwiri, mpaka mkono utaimirira wokha. Pofuna kuponya, asilikali ankaukokera pansi pang'onopang'ono ndi chingwe china chokulungika pampukutu, iwo ukukana, n'kuukola ndi chikhomo. Mwala pamwamba. Wina amenya chikhomo ndi nyundo. Mkono udzuka ndi mkwiyo wake wonse, ukagunda mtanda wa kutsogolo wokutidwa ndi thumba la mankhusu, uima pomwepo. Mwala ndiye suima.

Mnzangayo anati makina amtundu umenewu ankawatcha bulu wakuthengo, chifukwa akaponya, kumbuyo kwake kunkadumpha ngati bulu akumenya theche. Analiponso ena, a mitolo iwiri yoimirira ndi mikono iwiri, oponya mikondo ngati uta wogona. Amenewo ankafuna khutu: mmisiri ankakodola mtolo uwu, n'kukodola uwo, n'kumvetsera ngati akukunga bangwe, chifukwa ikapanda kulira mofanana mkondo umapita kwa anansi. Ine kumva zimenezi mtima unayamba kuyabwa. Manja amene anakhoma ngolo moyo wonse anali atatha chaka akungogwira fosholo ndi rimoti.

Mkamwini anandilola kugwiritsa ntchito ngodya ya galaja. Matabwa ndinatola otsala pamene anthu ankamanga mpanda. Mkono unali mpini wa fosholo yothyoka, kunsonga ndinakhomerako chitini cha matimati. Bulu wanga anali wamsinkhu wa wilibala. Ndi chingwe cha nayiloni ankaponya ndithu, koma mnzanga uja anagwedeza mutu. Anati Aroma nayiloni sankaidziwa, iwo ankapota mitsempha ya ng'ombe. Ndinapita naye kubutchala ya mnansi wake, tinabwera ndi mitsempha, ndinaiyanika m'galaja. Patapita masiku mkamwini anandipeza, dzanja lili pamkono monga mwa nthawi zonse.

"Bambo, pepani. Kodi m'galajamu mwafera kanthu?"

Mitsempha ndinataya, kusiyako ingapo imene inauma bwino. Apo m'pamene mnzanga uja anandiuza mawu amene akanachita bwino kuwameza. Anati china chimene ankagwiritsa ntchito ndi tsitsi, la akavalo ngakhale la anthu, lodzozedwa mafuta kuti lisaphwanyike, ndipo pali mbiri yoti mzinda wina utazingidwa, zingwe zitatha, akazi anameta mitu yawo n'kupereka kwa asilikali.

Kavalo ndinalibe. Koma sabata iliyonse jumbo yodzaza inkagona m'bini, ndipo wotulutsa bini ndinali ine.

Musaganize kuti mwambo sindinkaudziwa. Ndinaubadwira. Ndinangodziuza kuti meshi ndi ya kufakitale, ilibe mwini, ndipo timatsitsi tokodwamoto n'tochepa. Ndinadziuzanso kuti akazi anga ndidzawafotokozera bulu akadzatha, tonse tidzasekere limodzi. Safunsa anadya phula. M'mawa uliwonse wa zinyalala ndinkachotsa jumbo, n'kukankhira bini kumsewu, n'kuwabayibitsa akazi anga ali pawindo. Masana ndinkapota pantchafu monga tinkapotera khonje, n'kudzoza mafuta ophikira, n'kupachika zingwezo pamisomali. Zinali zokongola, ndisaname. Zakuda, zofiirira, ndi chimodzi chofiira ngati vinyo, mtundu umene m'dera lonse unkavalidwa ndi mutu umodzi wokha.

Loweruka lina, chisanu chikupita kumapeto, amayi a ku Oakville anakwera kuchokera kubesimenti kudzatenga zakumwa, poti nyengo imeneyo galaja ndiye inali filiji yathu. Tsekulani chitseko, ndipo taonani zimene anaona. Nkhalamba, ine amene, yagwada pasimenti, thalauza yapindira m'ntchafu. Pakhoma palendewera mitsempha youma ya nyama ndi zingwe za tsitsi zonyezimira mafuta. Patsogolo pake pali chimango cha matabwa chachitali ngati kabokosi ka maliro, pakati pake mtolo wa tsitsi la anthu. Nkhalambayo yatsinzina, yagunditsa khutu pamtolowo, ikukodola ndi chala kwinaku ikung'ung'udza kuti imve ngati mbali zonse zathina mofanana.

Nditatsegula maso anali ataima, akuyang'ana chingwe chofiira chija.

"Agogo, ija ni sisi yanga?"

"Ndi meshi chabe, amayi. Ndi za Aroma izi."

Sindikudziwa chifukwa chake ndinaganiza kuti mawu amenewo athandiza. Anabwerera chafutambuyo, osanditembenukira msana. Ndinamva mipando ikukhulula kubesimenti, majombo akuvalidwa mofulumira, magalimoto akulira. Mayi mmodzi anatuluka mutu wolukidwa mbali imodzi.

Foni ya kuno ilibe chitunda. Pofika Lamulungu nkhani inali itazungulira kuyambira ku Oakville mpaka ku Markham, n'kubwera itanenepa. Uyu mutu unkamuwawa kuyambira Khirisimasi, tsopano wadziwa chifukwa. Uyo analephera mayeso a unesi. Mwamuna wa winayo anamuchepetsera mashifiti kubwalo la ndege. Wina anakumbuka kuti mdala ameneyu kumudzi ankakhoma mabokosi a maliro, ndipo bizinesi yotere siyenda popanda kuithandizira. Wina anafunsa kuti ana aja nyumba anaigula bwanji msanga chonchi. Kutchalitchi benchi yathu inakula mwadzidzidzi, malo mbali zonse.

Za ine ndekha sindikanadandaula. Kutchedwa wokhwima paukalamba kuli ndi kaulemu kake, anthu amakupatukira panjira. Koma amayi aja sanapereke mitu yawo kwa ine. Anaipereka kwa akazi anga, ndipo funso limene linkayenda pafoni linali loti iwo ankadziwa kapena ayi. Akazi anga sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Ndikamaima pawindo paja, inu n'kumandibayibitsa, m'binimo munali chiyani?" Ndinayankha kuti makoko a mazira. Anagwedeza mutu, n'kupitiriza kupukuta mbale yomwe inali youma kale.

Loweruka linafika. Anakonza mipando, zipeso ndi mafuta monga kale, anaphika mandasi, n'kukhala. Belu silinalire. Loweruka linanso chimodzimodzi, koma mandasi sanaphike. Lachitatu lake ndinalowa kuchipinda n'kupeza sutikesi yatsika pawadilopu, ili pabedi yotsegula, zitenje zikubwerera m'malo mwake.

"Mukupita kuti?"

"Kumene anthu amandidziwa."

Mwana wathu anayesa kuimbira anzake, koma aliyense ankati palibe vuto, kungoti watanganidwa. Mkamwini anati tingotaya chinthucho, nkhani izizira yokha. Ndinamuuza kuti tsitsilo likasowa osaliona eni ake, adzati lagwira kale ntchito. Linafunika kubwerera m'manja mwawo masana, anthu akuona.

Kwathu wolakwa amapita ndi nkhuku. Yamoyo ndinaifuna osaipeza, ndiye ndinagula yam'filiji, youma ngati njerwa, ndinavala jekete la kutchalitchi, n'kukwera basi kenaka sitima ya ku Oakville. Amuna a apampando aja ndiwo ananditsegulira, munthu wa zowerengera chuma amene ankaoneka kuti akulimbana ndi kuseka. Amayiwo anakhala patali, kumutu atamanga duku, Baibulo lili pamwendo. Ndinakana sofa, ndinakhala pansi pakapeti, n'kuika nkhuku patsogolo panga. Inagubuduka.

"Amayi, ndabwera ngati wakuba. Ufiti ndilibe, koma kuba ndinaba. Akazi anga sankadziwa kanthu, ndinawabera iwo poyamba, inu kachiwiri."

"Manje sisi ya banthu munali kuifunila chani, imwe agogo?"

Ndinafotokoza za bulangete lonyowa, za mtolo, za mkono, za akazi a mumzinda wozingidwa. Ndikamafotokoza ndinkadzimvera ndekha kuti sing'anga weniweni akanapeka bodza labwino kuposa choonadi changachi. Amuna awo anafunsa kuti chimaponya mtunda wotani. Mayiwo anawayang'ana, funso linafera m'malere.

"Nizabwela pa Sabata nione na maso yanga," anatero. "Nkhuku iyo ikani mu sinki, inyowesa kapeti."

Anabwera, ndipo sanabwere okha. Tsikulo sinowo inali itasungunuka, kuseri kwa nyumba kuli matope ndi udzu wakufa. Ndinamutulutsa bulu n'kumuika pakati pa bwalo. Amayi anaima mondondozana pafupi ndi geti, zikwama zili m'khwapa, pafupifupi onse atamanga maduku, chifukwa kwa masabata onsewo panalibe amene anagwira mitu yawo. Amuna awo anabwera ati kudzaperekeza, koma ndiwo anali patsogolo. Mtaliyana uja anatsamira mpanda mbali yake, wavala chipewa chatsopano ngati tsiku la ufulu wa dziko lake. Akazi anga anaima pakhomo la kukhitchini, manja atapinda, osayang'ana aliyense.

Ndinapotokola zitsulo za m'mbali, mtolo n'kumalira ngati chitseko chakale. Ndinakokera mkono pansi, n'kuukola ndi msomali womangirira kachingwe. M'chitini ndinaikamo mbatatesi. Ndinali m'kati mofotokoza za thumba la mankhusu, lomwe kwa ine linali pilo wakale, pamene amayi a ku Oakville anandidula.

"Iyo nthambo, akadonsa munthu aliyense ichita?"

"Aliyense, amayi. Sichidziwa mwini."

"Palibe mau yokamba? Palibe vodzola?"

"Mafuta ophikira basi. Omwe aja a mandasi."

"Fendelani uko. Sisi ni yanga, nizadonsa neka."

Anapereka chikwama kwa mnzawo, anayandikira chammbali ngati akuyandikira galu wa eni, anatseka diso limodzi, n'kukoka. Bulu anamenya theche. Kumbuyo kwake kunadumpha, matope n'kuwaza siketi ya apampando, ndipo mbatatesi inakwera, inadutsa mpanda, inadutsa pamwamba pa chipewa cha Mtaliyana, n'kukaphulika padenga la shedi yake ndi phokoso ngati la ng'oma yobooka. Agologolo awiri anatuluka pansi pa dengalo aliyense njira yake.

Ine sindinkadziwa ngati mphamvu imeneyi yanditsuka kapena yanditsimikizira mlandu. Mayiwo anayang'ana siketi yawo, anayang'ana bulu, n'kundiyang'ana ine.

"So mwativutisa tulo masabata yonse aya chifukwa cha mbatatesi?"

Woyamba kuseka anali mayi uja anathawa ndi mutu wa mbali imodzi. Anaseka mpaka anakhala pamasitepe onyowa. Ena anatsatira. Amene analephera mayeso anati, "Ndiye kuti ndinalephera ndekha," ndipo mnzake anamuyankha kuti, "Unkawerenga liti, iwe, Loweruka lililonse uli pano?" Amuna anayamba kukangana za kutalika kwa mkono, wina akuti chitini chipendekeke pang'ono. Mkamwini wanga, amene ndinkayesa alibe nazo chidwi, anatulukira ndi thumba lonse la mbatatesi. Apampando anaponyanso kawiri, kachiwiriko atalozetsa dala pashedi, Mtaliyana akuwalangiza ndi manja.

Zikanathera pamenepo ndikanati zatha bwino, koma akazi anga anali asanasunthe pakhomo paja. Kuseka kutachepa anatsika masitepe, m'manja muli sizasi ndi nyuzipepala.

"Masulani," anandiuza.

Ndinabweza zitsulo, mtolo unafooka, mkono wa bulu unagwa chagada. Ntchito ya chisanu chonse. Akazi anga anayala nyuzipepala patebulo la panja, n'kuyamba kumasula zingwe zanga chimodzichimodzi. Sanafunse aliyense. Ankangoyang'ana mtundu ndi kalukidwe, n'kuitana mwini wake: ili ndi lanu, mayi a mapasa, ili ndi lanu, munalukitsa popita ku ukwati uja, ili lofiira sitifunsa. Pamene ndinasakaniza mitu iwiri m'chingwe chimodzi ankapatula ndi chipeso, osafulumira. Aliyense analandira kaphukusi kake ndi manja awiri n'kuika m'chikwama, ndipo panalibenso amene ankaseka kapena kunena kuti za kumudzi anazisiya pabwalo la ndege.

Amayi a ku Oakville analandira lawo pomalizira. Anatseka zipi ya chikwama. Kenaka anamasula duku pamaso pa amuna onse aja. Zimene zinali pansi pa dukuyo sindilemba, poti ndimapempherabe nawo mpingo umodzi.

"Amama, onani mwamene nakhalila. Ku nchito ma peshenti yanithawa. Muli na nthawi lelo?"

Akazi anga anaugwira mutuwo, anautembenuzira uku ndi uku monga amachitira posankha dzungu pamsika.

"Mwauzunza," anatero. "Tsikani, ndikubwera. Ena nonse mudikire, manja ndi awiri."

Majombo anaunjikananso pakhomo. Ine ndinatsala panja ndi amuna, bulu wopanda mtolo ali pakati pathu. Ndinakhala pathumba la mbatatesi. Kuchokera pakawindo ka besimenti phokoso lija linayamba kukwera, Chinyanja, Chizungu, dzina langa likutchulidwa kawirikawiri ndi kuseka pambuyo pake. Sindinamvepo miseche yokoma chonchi. Mtaliyana anandipatsira kapu ya vinyo pamwamba pa mpanda, n'kunena kuti nayiloni nayonso si yoipa kwenikweni.

Womaliza anachoka kutada. Nditalowa kuchipinda ndinapeza akazi anga atakhala pabedi, akudzoza mafuta zala zotupa, sutikesi ili pambali pawo yopanda kanthu. Ndinaima pakhomo ngati mlendo, kudikira chiweruzo changa.

"Ikwezeni pamwamba iyi, ine msana wandipweteka," anatero. Nditaikweza anavula mpango wawo, n'kundilozera mutu wawo wa imvi. "Zaka zonsezi ndimagona pambali panu ndi mutu wodzaza tsitsi, inu n'kukatola la akazi a eni m'bini. Aroma anuwo akadzafunanso, muyambe mwapempha kuno."